GPS ya m'galimoto yoti mapu ake ndi a moyo wonse, kuno kwathu ndi yaphindu?

wakuChitakale
Moni nonse pa gulu pano. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna andiyankhe amene anagwiritsapo ntchito zinthu zimenezi, musafulumire kundiuza za foni, foni ndili nayo. Ine ntchito yanga ndi ya hayala, ndili ndi ka Sienta, ndimatenga alendo ku Chileka kudzawasiya ku Likhubula akafuna kukwera phiri la Mulanje, ena akatsika amati tipititseni ku Zomba, ku Liwonde mpaka ku Cape Maclear, ndipo chaka chino ndayamba kupezanso anthu opita ku Milange ndi Mocuba. Achimwene anga ali ku Joni akuti andigulire ka GPS komata pa galasi kaja ka Garmin, akubwera mwezi wa mawa. Ndiye akuti apeza tiwiri, kena kotsika mtengo kali ndi mapu amene alimowo basi, kena kokwera koma akuti mapu ake umapanga update ulere moyo wonse. Ndalama yoonjezerayo akuti ndipereke ine, ndipo ndi ndalama yoti ndingagulire tayala latsopano. Moyo wonsewo ndi zoona? Nanga kuno kwathu misewu imasintha moti munthu mpaka alipirire zimenezo?

Kabaza_Muloza
Gulani tayala achimwene. Njira ya ku Milange mukafika pa boda tikulozerani ife.

MayiAkuLuchenza
Inenso ndikuti tayala. Mvula ili pafupi ndipo munyamula ana a eni.

Makaniko_Bvumbwe
Achimwene a ku Chitakale, ndiyambe ndi mawu akuti moyo wonsewo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Si moyo wanu ayi, si moyo wa galimoto ayi, ndi moyo wa kachipangizoko, ndipo amene amanena kuti moyo wake watha ndi kampani imene inakapanga. A Garmin analemba okha m'malamulo awo kuti mapu azibwera pokhapokha ngati kachipangizoko kali ndi memory yokwanira kulandira mapu atsopano, ngati kakugwira ntchito popanda kukonzetsa kwakukulu, komanso ngati iwowo akulandirabe mapuwo kuchokera kwa amene amawagulitsa. Palinso mfundo ina imene ambiri saiwerenga, mukakhala miyezi 24 osapanga update amatenga ngati kachipangizoko kanasiya ntchito. Ndipo pulani ya moyo wonseyo imamatirira pa kachipangizo kamodzi, kakabedwa pa Limbe kapena kakagwa n'kusweka galasi simungasamutsire pa kena.
A TomTom, kampani ina yopanga ma GPS, mu January 2018 anauza anthu a tizipangizo takale kuti sadzalandiranso mapu chifukwa mapu akula ndipo memory yake ndi yochepa, ena mwa anthuwo anagula akudziwa kuti ndi za moyo wonse, ku UK anthu anadandaula kwambiri. Sindikunena kuti ndi zakuba, zinalembedwa ndithu, kungoti zimalembedwa tizilembo ting'onoting'ono.
Pa Garmin muone zilembo za kumapeto kwa dzina, LM ndiye kuti mapu a moyo wonse, LMT ndiye kuti mapu ndi za kuchuluka kwa magalimoto pa msewu. T ameneyo kuno sakuthandizani chilichonse, musamulipirire.

wakuChitakale
Zikomo bambo a Bvumbwe, za miyezi 24 sindinkazidziwa. Ndiye ngati ndakhala zaka ziwiri osapeza laputopu ndalama yapita?

Makaniko_Bvumbwe
Malamulo ake akutero. Kaya amatsekadi kwa aliyense, koma mphamvu yotseka ali nayo.

DalaivalaWaJoni
Ine ndisiyana nanu pang'ono abale anga. Ndayenda pa thiraki zaka zambiri njira ya Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg, ndipo kwa ine mapu atsopano ndi ofunika zedi. Ku Tete mlatho wa Kassuende unatsegulidwa 2014 ndipo mathiraki olemera amadutsa kumeneko osati pa mlatho wakale wa Samora Machel uli m'tauni, munthu wa mapu akale kachipangizo kazimukokera m'tauni. Mlatho wa Kazungula pakati pa Zambia ndi Botswana unatsegulidwa May 2021, mapu akale pamenepo amaonetsa pantoni. Ku South Africa mayina amasinthasintha, Pietersburg ndi Polokwane, Messina ndi Musina, Nelspruit ndi Mbombela, Port Elizabeth tsopano ndi Gqeberha kuyambira 2021, ku Pretoria mu 2012 anasintha mayina a misewu yambiri ya pakati pa tauni, Church Street yokha anaidula zigawo n'kuipatsa mayina osiyanasiyana. Ukapatsidwa pepala la katundu lolembedwa dzina latsopano iwe mapu ako ali ndi lakale, uzungulira ndi matani 30 kumbuyo m'tauni yoti sungakhote paliponse, komanso kuima kufunsa njira usiku ku Joni si zinthu zoyesa. Foni ukadutsa boda bandulo ya kuno sigwira, roaming ndi yodula. Ka GPS kamangogwira basi chifukwa kamamva ma satellite, sikafuna simu.

MayiAkuLuchenza
Koma malume inu mukunena za ku Joni. Mwana wafunsayu akuyenda Chitakale, Likhubula, Zomba. Kuchoka pa Chitakale kupita ku Limbe njira ndi ziwiri, ya Midima kudzera pa Nkando kapena ya ku Thyolo kudzera kuno ku Luchenza, zimenezo mpaka satellite?

DalaivalaWaJoni
Mayi, wanena yekha kuti wayamba za Mocuba. Lero Mocuba, mawa mlendo amuuza Quelimane kapena Gurue. Kumeneko zikwangwani ndi za Chipwitikizi.

Kabaza_Muloza
Wa Milange mpaka Mocuba ndi wa tala tsopano, sungasochere, ndi umodzi womwewo.

Nkando77
Ine ndipereke umboni wa kuno komwe kuti tisamangonena za kunja. Ndinali ndi ka GPS kakale kondisiyira abwana ena atabwerera kwawo, mapu ake a kalekale. Tsiku lina ndikufuna kupita ku Zomba kuchokera pa Chitakale kanandiuza kuti ndibwerere ku Limbe kenako ndikwere msewu wa Zomba, chifukwa m'mutu mwake msewu wa Phalombe ndi Jali unali udakali wa fumbi. Ine ndimaudziwa ndiye ndinangodutsa pa Phalombe pomwepo, kachipangizoko kakungoti bwererani bwererani mpaka ndinakazimitsa. Koma akanakhala mlendo akanaotcha mafuta a ulere kuzungulira ku Limbe. Ndiye kunena kuti kuno misewu sisintha si zoona, imasintha, kungoti mwa apo ndi apo. Ku Lilongwe taonani pa Area 18 pamene anamanga misewu yodutsana pamwamba paja, ndi misewu anaikuza ija, amene anapitako komaliza kalekale akhoza kubalalika.

Makaniko_Bvumbwe
Zoona amwene, koma funso ndi ili, msewu ukatha lero mapuwo amadziwa liti? A Garmin mapu a misewu sajambula okha, amagula kwa kampani yotchedwa HERE, kale inali Navteq, a Nokia anaigula 2008 kenako 2015 anaigulitsa kwa makampani a magalimoto a ku Germany, Audi, BMW ndi Daimler. A TomTom anagula yawo ya Tele Atlas chaka chomwecho cha 2008. Anthu amenewa mphamvu zawo amaika kumene kuli ogula ambiri, ku Ulaya, ku America, kuno kummwera ndi South Africa. Update ikatuluka zosintha zochuluka zimakhala za kumeneko. Inu mudawuniloda ma GB angapo kuti mulandire maraundabauti atsopano a ku Durban.

Nkando77
Apo mwanena. Koma kamodzi kokha pa zaka zingapo ndikofunika ndithu.

Makaniko_Bvumbwe
Kamodzi pa zaka zingapo mukhoza kugula mapuwo paokha nthawi imeneyo, kapena kuika aulere. Simukufunika pulani.

NyaThekerani
Pepani ndilowerere. Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo kumidzi, timayenda ndi galimoto ya ku ofesi mbali ya Makwasa, Thekerani mpaka kutsetserekera ku Muona, ndipo nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ndinaona ndi maso. March 2023 namondwe wa Freddy atadutsa tinatumidwa kukathandiza anzathu ku Mulanje, dalaivala wathu anali wachilendo wochokera ku Lilongwe ndipo ankadalira mapu. Pa sikirini msewu unkaoneka bwinobwino, mzere wabuluu mpaka pa mudzi. Tinafika pa mtsinje mlatho palibe, kutsogolo kuli miyala ikuluikulu yotsika m'phiri ndi mitengo yozulidwa ndi mizu yomwe, msewu weniweniwo osaoneka kuti unadutsa pati. Anatiimitsa ndi agogo ena atanyamula ndowa, anatiuza kuti mubwerere mukalowere pa tchalitchi, pali njira ya ngolo, anyamata ayala miyala. Tinafika madzulo. Ku Muloza ndi ku Nkhulambe anthu anakhala masiku osafikiridwa ndi galimoto. Palibe pulani ya mapu imene ikanatiuza zimenezo, ya ndalama kapena yaulere. Zimene zimasintha kuno kwathu ndi mlatho wakokoloka, chigumula chadula msewu, matope a pa chitunda cha ku Thekerani mvula ikagwa masiku awiri, ndipo zimenezi zimasintha pa sabata osati pa chaka. Achimwene a hayala, mukanyamula alendo nthawi ya dzinja muziimba foni kwa munthu wa kumene mukupitako musananyamuke, chonde.

MayiAkuLuchenza
Mwandikumbutsa zowawa achemwali. Ife tinataya abale awiri ku Phalombe chaka chimenecho.

NyaThekerani
Pepani mayi, Mulungu apitirize kukutonthozani.

wakuChitakale
Pepani mayi athu. Ife pa Chitakale madzi a Likhubula tinawamva usiku wonse ngati ndege, sindidzaiwala. Achemwali a ku Thekerani malangizo anu ndawamva ndipo ndimachita kale zimenezo, ndili ndi manambala a maporter ndi a kabaza m'malo ambiri.

Passo_yoyera
Poti tikukamba za ma GPS ndifunse nawo. Galimoto yanga ya ex Japan ili ndi sikirini yake yobwera nayo, koma mapu ake ndi a ku Japan ndipo mayi wina amayankhula Chijapanizi ndikangoliza. Ingasinthidwe kuti izionetsa Thyolo?

Makaniko_Bvumbwe
Ayi amwene. Mawailesi amenewo anapangidwira msika wa ku Japan basi, mapu a kuno a mtundu umenewo kulibe. Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni, musachotse ka SD card kali mkatimo poganiza kuti n'kopanda ntchito, ambiri mwa mawailesi amenewa akakhala opanda ka khadiko sayaka n'komwe mukangochotsa batire, amangolemba uthenga wa Chijapanizi, kamera yobwerera m'mbuyo nayo zii. Ndalandirapo anthu ambiri pa garaja pano ndi vuto limeneli, ana achotsa ka khadi kuti aikemo nyimbo.

Passo_yoyera
Eeh kanga kalimo, sindikakhudza. Nanga bwanji ma siteshoni ambiri sindiwapeza?

Makaniko_Bvumbwe
FM ya mawailesi ambiri a ku Japan imayambira pa 76 kulekezera pa 90, ya kuno imayambira cha pa 88 mpaka 108, ndiye mumangogwira kachigawo kakang'ono. Pali kachipangizo kotchedwa band expander, amalumikiza pa waya wa eriyo, ku Limbe kamapezeka. Kapena chotsani wailesi yonseyo muike ya Android, koma musankhe bwino, zina zimafa ndi kutentha.

Kabaza_Muloza
Ya Android ija mapu ake ndi a foni omwewo eti?

Makaniko_Bvumbwe
Omwewo.

Mphunzitsi_waGeography
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa, tsopano ndaweruka ndiyankhe nawo. Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri chifukwa tikuzisakaniza. GPS ndi ma satellite a boma la America amene amauza kachipangizo kuti kali pati pa dziko, zimenezo ndi zaulere kwa aliyense ndipo sizifuna bandulo, foni yanu ngakhale mutachotsa simu imadziwabe pamene ili. Mapu ndi chithunzi cha misewu chimene kadontho kanu kamayendapo, ndiye chimene anthu amagulitsa. Amene mukuti foni imafuna netiweki, imafuna netiweki pokoka mapuwo basi. Mukawakokeratu muli pa wifi, pa Google Maps pali pamene amati offline maps, mumasankha chigawo chonse kuyambira Nsanje mpaka Mangochi n'kusunga m'foni, kungoti amafuna muziwatsitsimutsa nthawi ndi nthawi.
Chachiwiri pali OpenStreetMap. Anayambitsa ndi Steve Coast ku UK mu 2004, ndi mapu ojambulidwa ndi anthu wamba ongodzipereka, aliyense akhoza kuonjezera msewu, mjigo, sukulu, chigayo. Kuno ku Malawi kukachitika madzi osefukira ngati a 2015 anthu ongodzipereka amakhala pansi kujambula midzi ndi tinjira kuchokera pa zithunzi za m'mlengalenga kuti opereka thandizo azidziwa kolowera, n'chifukwa chake m'madera ena akumidzi mapu amenewa ali ndi tinjira tambiri. Ine ndimawagwiritsa ntchito pa foni kudzera pa mapulogalamu otchedwa OsmAnd ndi Organic Maps, ndipo njira za m'phiri zokwera ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo mpaka pa Sapitwa zilimo. Chosangalatsa kwa inu achimwene a hayala, mapu omwewa alipo okonzedwa kuti alowe mu Garmin, mumaika fayilo pa memory card mu foda yolembedwa Garmin, kuyatsa, kusankha mapuwo basi. Mukafuna atsopano mukokanso, osalipira. Ana anga a Form 3 chaka chatha tinajambula nawo tinjira tozungulira sukulu yathu, patapita masiku ochepa tinazipeza pa foni, anasangalala kwabasi kuona mjigo wa kwawo uli pa mapu a dziko lonse.

DalaivalaWaJoni
Aphunzitsi, zojambula aliyense zimenezo ine pa thiraki sindingazikhulupirire. Mwana wa Form 3 akajambula njira ya mbuzi n'kuilemba kuti msewu, ine ndilowemo ndi ngolo ziwiri?

Mphunzitsi_waGeography
Nkhawa yanu ndi yomveka bambo, zolakwika zimakhalamo ndithu, ndipo pa thiraki pamafunika mapu odziwa kutalika kwa milatho ndi kulemera kololedwa, amenewo ndi ena apadera. Koma ana anga ndinawaphunzitsa kusiyanitsa njira ya miyendo ndi ya galimoto, ndipo cholakwika chikapezeka mumakonza nokha tsiku lomwelo. Pa mapu ogula mukapeza cholakwika mumalemba kalata n'kudikira.

Nkando77
Palinso Tracks4Africa, alendo a ma Land Cruiser ochokera ku South Africa amene amabwera ku Likhubula ambiri ndi imene amakhala nayo. Ndi ogula koma anapangidwa kuchokera pa njira zimene apaulendo anayendamo enieni ndi ma GPS awo, ndiye amakuuza ndi nthawi yomwe ungatenge pa msewu wa fumbi, malo ogona, pothira mafuta. Amabwera pa ka SD card ka Garmin. Kwa munthu wonyamula alendo ine ndikuona ngati amenewo ndi aphindu kuposa pulani ya moyo wonseyo.

wakuChitakale
Amenewo ndinawaonapo kwa mzungu wina ndinamuperekeza ku Fort Lister, kachipangizo kake kankadziwa ndi pokhotera pa kamsewu kafumbi pomwe. Sindinafunse dzina lake.

Mlhomwe_weniweni
Inu nonse mukuiwala chinthu chimodzi. Kuno munthu akamakuitana sanena kuti nyumba nambala chakuti msewu wakuti. Amati mukadutsa pa Thuchila muona chigayo cha buluu, mukhote kumanja, mupite mpaka pa mtengo wa mango waukulu pamene amagulitsa zinanazi, mufunse kwa a Gulupu. Zimenezo muzilemba bwanji mu Garmin? A MACRA anayamba ntchito yoika manambala pa nyumba ndi mayina a misewu m'mizinda, koma kumudzi kwathu sizinafike. Masiku ano kasitomala amangotumiza location pa WhatsApp iwe n'kudina, foni n'kukutengera pakhomo. Pa ka GPS kapadera uyenera kukopera manambala aataliatali aja pamanja uli pambali pa msewu, ukaphonya nambala imodzi wapita ku Mozambique.

DalaivalaWaJoni
Nanga foni ikalira uli pa mphambano? Kasitomala akuimba, mapu achoka pa sikirini, iwe uli pakati pa magalimoto. Komanso foni ukaiika pa galasi dzuwa la October ku Liwonde imatentha mpaka kuzima yokha. Ka GPS kanapangidwira pa galasi pomwepo.

Mlhomwe_weniweni
Apo ndiye zoona malume, yanga inazimapo pa Kamuzu Barrage ndi kutentha. Ndinaiika pa mphepo ya AC.

wakuChitakale
Chifukwa chake chenicheni chimene ndikufunira kapadera ndi chimenecho. Foni yanga ndi ofesi, imalira nthawi zonse, mobile money ndi momwemo. Komanso alendo akaona ka sikirini kakuonetsa kuti tatsala ndi ma kilomita angati amakhala phee, sakufunsafunsa.

AchemwaliAkuMakwasa
Ndikuuzeni zimene zinatichitikira ife kuti muuze achimwene anuwo aonetsetse. Mlamu wanga ali ku Leeds anatitumizira ka GPS kabwinobwino, pa katoni polembedwa kuti mapu a moyo wonse, bambo a kunyumba anasangalala. Titakayatsa pa khonde kanapeza ma satellite bwinobwino koma sikirini inali yoyera, kagalimoto kali pakati pa chipululu, msewu ndi umodzi wokha wa M1 nawonso uli kutali. Tinapita nako kwa mnyamata wa kompyuta pa Boma, anatiuza kuti moyo wonsewo ndi wa mapu a UK ndi Europe, a Africa ndi ogula paokha ndi khadi ya ku banki mu ndalama yakunja. Ndi mmene forex ikuvutiramu, kwacha inagwa ndi 44 peresenti November 2023, tinangokasunga mu kabati. Mlamu sanalakwe, iye anaona mawu akuti moyo wonse basi. Ndiye muwafunse achimwenewo kuti pa katoni alemba chigawo chiti.

Makaniko_Bvumbwe
Mfundo yaikulu imeneyo achemwali. Pulani imatsata chigawo chimene kachipangizoko kanagulitsidwira. Ka ku Joni kayenera kukhala ka Southern Africa, koma ngati akugula kwa munthu osati mu shopu akayatse aone okha, afufuze Mulanje, Luchenza ndi Mocuba asanapereke ndalama. Ndipo kanu kali mu kabatiko musakataye, ngati kali ndi polowetsa memory card aphunzitsi aja akhoza kukaikira mapu aulere.

AchemwaliAkuMakwasa
Zoona? Polowetsa pali pambali. Aphunzitsi muli mbali iti?

Mphunzitsi_waGeography
Ngati ndi Garmin zitheka mayi, mitundu ina siilola. Ndimakhala kufupi ndi Thyolo Boma, tilumikizane ku inbox.

Passo_yoyera
Koma update yo imatheka pa foni? Ena tilibe laputopu.

Makaniko_Bvumbwe
Takale timafuna kompyuta, mumaikamo pulogalamu yotchedwa Garmin Express, kulumikiza ndi chingwe cha USB, n'kudikira. Tatsopano tina ngati DriveSmart tili ndi wifi, mukhoza kupanga hotspot pa foni. Koma fayilo yake ndi yaikulu, pa netiweki ya kuno mukhoza kuyamba madzulo kufika m'mawa, magetsi akathima pakati mwayambiranso, bandulo yapita. Ndiye ulerewo si ulere weniweni, nthawi iliyonse mukulipira bandulo. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa ine anapanga update kamodzi atangogula, osabwerezanso.

DalaivalaWaJoni
Ine ndimapangira ku depoti ku Joni pa wifi podikira katundu, kawiri pa chaka, sindilipira kanthu.

MayiAkuLuchenza
Ndiye inu malume ndi amene pulaniyo inapangidwira. Mwana wa pa Chitakale wifi ya ku depoti aipeza kuti?

DalaivalaWaJoni
Chabwino mayi, pamenepo ndavomera. Koma ndionjezere chimodzi, ma Garmin atsopano a mu shopu masiku ano ambiri amabwera ndi ma update a mapu kale, sulipira padera. Ngati kotchipako kalibe ndiye kuti mwina ndi kakale kwambiri. Afunse dzina lake lenileni ndi chaka, chifukwa kakale batire yake imakhala yotha ndipo memory ndi yochepa, angagule chinthu choti moyo wake unatha kale.

Makaniko_Bvumbwe
Apa ndagwirizana nanu kwathunthu. Batire yotha pa galimoto si vuto kwambiri chifukwa kamadya pa laita, koma memory ndi polowetsa khadi ndiye zofunika.

Kabaza_Muloza
Ine funso langa, chiperoni chikatseka pa Thyolo paja moti suona ndi bonet yomwe, ka GPS kamathandiza?

Nkando77
Kamathandiza kukuonetsa kuti kutsogolo kuli kona, ine kanandithandizapo usiku pakati pa minda ya tiyi pamene makona amatsatizana. Koma sikaona thirakitala yopanda magetsi kapena anthu othyola tiyi akuweruka m'mbali mwa msewu. Liwiro pansi basi.

NyaThekerani
Ndipo m'ma esiteti musamatsatire mapu mwachimbulimbuli, timisewu ta m'minda ya tiyi timaoneka ngati njira yachidule koma tambiri tili ndi mageti ndi alonda, ndi malo a eni. Ife tinabwezedwapo ndi odwala m'galimoto, tinataya pafupifupi ola.

wakuChitakale
Abale ndabwera ndi nkhani. Ndaimbira achimwene ndawawerengera zonse mwalembazi, anapita kukaona. Tonse tiwiri ndi togwiritsidwapo kale ntchito, akugulitsa ndi munthu wa pa shopu ya zinthu zakale. Kokwera mtengoko kali ndi LMT kumapeto, kotchipako kalibe zilembo, koma tonse mapu ake ndi a Southern Africa ndipo tonse tili ndi polowetsa memory card. Afufuza Mulanje ndi Luchenza zapezeka, Mocuba yapezeka, Likhubula sinapezeke pa tonse tiwiri. Wogulitsayo atafunsidwa kuti ka LMT kanapangidwa update liti komaliza akuti sakudziwa, mwini wake anangokasiya.

Makaniko_Bvumbwe
Ndiye mukulipirira chinthu chimene palibe angakutsimikizireni kuti chikugwirabe. Ngati achimwene ali ndi laputopu akalumikize pa Garmin Express pa shopu pomwepo, ikaonetsa kuti mapu atsopano alipo aulere apange update konko pa wifi ya ku Joni asanabwere nako, pamenepo mukhoza kuganizira. Wogulitsa akakana kuyesa, tengani kotchipa.

DalaivalaWaJoni
Ayese ndithu, zikatheka ka LMT ndi kabwino. Ndipo ngati achimwene anu amabwera chaka ndi chaka azikatenga kukapanga update n'kubwera nako, miyezi 24 ija sidzatha kasanapangidwe update.

MayiAkuLuchenza
Chaka chonse mwana akhale opanda GPS kudikira achimwene abwere nayo pa Khirisimasi?

DalaivalaWaJoni
Ayi mayi, mabasi a ku Joni amanyamuka ku Blantyre sabata iliyonse, amapatsira munthu.

wakuChitakale
Laputopu alibe ndipo wogulitsayo akuti za kuyesa pa kompyuta iye sapanga. Ndawauza atenge kotchipako, agulenso memory card ndi chomatira pa galasi chatsopano chifukwa chakalecho akuti mphira wake unauma. Tayala ndikagula Lachisanu ku Limbe. Aphunzitsi, akafika nako ndikupezani kuti mundiikire mapu aja, ndikufuna Malawi ndi Mozambique yense, ndidzabwera ndi bandulo yanga.

Mphunzitsi_waGeography
Palibe vuto achimwene, Loweruka lililonse masana ndimapezeka. Mudzabwere ndi chingwe chake cha USB, ma Garmin akale ambiri pobayira pake ndi pa mini USB, chingwe cha foni sichilowa. Mayi a ku Makwasa mudzabwere tsiku lomwelo tidzapangire limodzi.

AchemwaliAkuMakwasa
Ndidzatuma bambo a kunyumba, chingwe ndachipeza chili mu katoni momwemo.

Nkando77
Aphunzitsi mukadzatsegula mapuwo mudzaone ngati kamlatho ka kumtunda kwa msika wathu anakachotsa, kanapita ndi madzi ndipo mpaka pano anthu akuoloka pa mitengo. Ndikutumizirani location yake mawa ndikamapita ku dimba.